Dothi la ku Limbe linandiulula

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu! Ndikulemba ndi dzanja limodzi, linalo lanyamula mwana, ndipo chimwemwe chikundisowetsa pokhala. Ndimakhala ku Chinyonga, ndine kalaliki mu ofesi ina ya boma m'tauni. Ndinapita padera kawiri, ndipo mimba yachitatuyi ndinatsala pang'ono kuitaya chifukwa cha mantha.

Kwathu amati pakati salengeza, pamaoneka pokha. Nditapita padera kachiwiri, apongozi anati ndinafulumira kukamwa, anthu oipa anamva. Ndiye ulendo uno ndinasoka pakamwa. Koma mimba idakali yaing'ono ndinayamba kutaya magazi. Adokotala anati ndizingogona, ndisakwere minibasi kapena masitepe. Ofesi yathu ili pamwamba, ndipo chikepe chinafa kalekale.

Kupempha tchuthi kunali kuulula. Komanso pa ofesi pankamveka mphekesera zoti ukadwala uli woyembekezera amakudula masiku a uchembere, ukachulutsa amakuchotsa. Mkulu wathu, Mayi Jafali, mayi wachisilamu wosaseka ndi munthu, tinkawaopa ngati moto. Ndiye ndinkapitabe ku ntchito, nditavala juzi dzuwa likuswa mtengo. Pokwera masitepe ndinkalira chamumtima: Ambuye, mugwireni mwanayu, ine ndalephera.

Mukudziwa chimene chinandiulula? Dothi! Lija amagulitsa mumsika wa Limbe, limene amayi oyembekezera sitiugwira nalo mtima. Ndinkalitafuna mobisa, kudziyesa wochenjera. Tsiku lina Mayi Jafali anandiitana, anandiyang'ana pamilomo, n'kutseka chitseko.

"Mayi Banda, dothili mwayamba liti? Nanga nkhope yatuwa chonchi bwanji?"

Ndinangoyamba kulira, n'kuulula zonse. Kukalipa anakalipadi, koma osati mmene ndinkaganizira.

"Iii, inu! Mukufuna kutaya mwana chifukwa cha mafayilo? Tchuthi cha matenda n'china, cha uchembere n'china. Bweretsani kalata ya adokotala basi, palibe angakuchotseni ntchito chifukwa cha pakati. Za mimbayi ine sindiuza munthu. Ndipo dothilo musiye!"

Abale, mayi amene ndinkawazemba pakhonde aja ananyamula chikwama changa, anatsika nane masitepe atandigwira mkono, n'kukanditula ku Chinyonga pa galimoto yawo. Tikudutsa pa Chichiri anandiuza motsitsa mawu kuti nawonso mwana wawo woyamba anamutaya akubisa chonchi.

Ndinagona monga ananenera adokotala, ndipo magazi anasiya. Malipiro sanaime, tchuthi cha uchembere ndinachipeza chathunthu. Aleluya! Ndinkayembekeza thandizo kuchokera kutchalitchi kapena kwa achibale, koma Mulungu analiika mu ofesi imene ndinkaiopa kwambiri. Ndikumuthokoza ndi mtima wanga wonse.

Mlongo wanga amene ukukwera masitepe uku ukubisa ululu, usafooke. Pemphera, koma tsegulanso pakamwa, funsa zimene malamulo a ntchito akunena. Mphekesera sizinalerepo mwana.

Sabata yatha Mayi Jafali anabwera kudzaona mwana wanga Chisomo. Anamunyamula, anamuyang'anitsitsa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawaona akuseka, misozi ili m'maso.

"Ndiye ndi iweyo unkadya dothi mu ofesi mwanga?"