Kamera Yakale pa Siteji ya ku Mkanda

Pa siteji ya ku Mkanda, Mayi Esitele, amene ankaperekeza amayi awo okalamba kuchipatala, anakhala moyandikana ndi bambo wina wokoleka kamera yachitsulo m'khosi.

"Bambo, kamera yakale chonchi imajambuladi?"

"Imajambula, mayi. Ndinaigula ku Chipata itauma gwa. Ndinaimasula yonse, kupukuta magalasi, kudonthezera timafuta ta wotchi. Tasuzumirani pakazenera aka."

"Ii! Amayi anga akuoneka awiri!"

"Zunguzani galasi lakutsogololo pang'onopang'ono."

"Eee, akumana, akhala mmodzi!"

"Akatero ndiye kuti chithunzi chituluka bwino."

"Koma manja anuwa ndi odala, bambo. Nanga batire imalowa pati?"

"Siidya batire. Imangofuna filimu, ndipo yatsala ya chithunzi chimodzi. Ndikusungira mdzukulu wanga wobadwa dzana."

"Ali ndi mwayi mwanayo. Ine zithunzi zonse za amayiwa zinapita ndi foni yomwe anandibera. Mawa lomweli akuwachita opaleshoni, ndipo mtima wanga suli m'malo."

"Mdzukuluyo adikira, filimu ina ibwera. Agogo, tayang'anani kuno."

"Imani kaye, bambo! Amayi, takonzani dukulo."