Timiyala ta Chiyato

Okondedwa omvera, ine ndine mayi wa ku Mtendere, mlangizi wa atsikana kumpingo kwathu. Chaka chimene unga wa nsima unakwera mtengo koopsa, mlamu wanga anandibweretsera mwana wake wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi kuti ndimulange za m'banja. Bambo wina wa golosale anali atamufunsira.

"Wakula uyu, mulamu," anatero mlamu wangayo. "Na lamulo ivomeleza. Nanga tizadya chani?"

Titatsala awiri, mwanayo anagwada, ndipo m'chitenje mwake munagwa timiyala tosewerera chiyato. Anatitola mwamanyazi n'kundifunsa, "Ba anti, kuja kunyumba kwao bazanilola kusewera?"

Mumtima ndinakumbukira kuti Ambuye ataukitsa kwa akufa mtsikana wamng'ono uja wa m'Baibulo, analamula kuti amupatse chakudya, osati mwamuna. Ndinakana kumulanga mwana wa mlamuyo, ndipo ndinamutenga kuti tizigawana kochepa komwe Mulungu amatipatsa. Mlamu sandilonjera mpaka lero.

Tsopano ndikumva kuti aboma akufuna kukweza zaka zokwatiwira za m'lamulo lija, ndiye ndimadzifunsa: tikamati mwana wakula, timakhala taona chiyani? Ine ndinaona timiyala.