Amalume Ometa ndi Kadontho Kofiira

Asisi anga ndi aja ofufuza mmene ubongo umaonera zinthu, ndiye makina obwereka a ku labu ankabwezedwa tsiku lomwelo koma risechi yawo inkaperewera munthu mmodzi. Basi anakatenga amalume ku babashopu kwawo n'kuwakhazika kutsogolo kwa sikirini, chibwano pakachitsulo.

"Amalume, nzosavuta. Pazibwera nkhope za anthu. Pomwe mwayang'ana, ine kuno ndiziona kadontho kofiira. Diso la munthuyo likaphethira, dinani batani."

Nkhope yoyamba. Amalume anadina pompo.

"Sanaphethiretu ameneyo."

"Wam'meta ndani?"

"Zatsitsi zisiyeni. Kadontho kanu kali pachipumi, katsitseni."

"Mzere wa tsitsiwo wapita chonchi," anatero amalume akupendeketsa dzanja. "Anameta ali pafoni ameneyo."

"Chibwano pachitsulo, pliz. Yang'anani m'maso."

"Iwe, ntchito yanga yonseyi sindinayang'anepo kasitomala m'maso. Ukatero umadula khutu."

Nkhope yachiwiri. Anadinanso.

"Aaa amalume, seriyasi?"

"Tam'tembenuze kaye, ndione kumbuyoku."

"Ndi vidiyo yojambula kale, munthuyo sangatembenuke."

"Ndiye mukufufuza theka la mutu?"

Asisi anapumira m'mwamba, n'kuika nkhope ya dazi. Kadontho kanazungulira, kanazungulira, kenako kanakakhala pandevu.

"Izinso sanafananitse."

"Amalume, makinawa akuchoka lero. Mawa apulofesa ndikawaonetsa chani? Mapu a tsitsi?"

"Ndiye ndidine liti?"

"Akaphethira."

"Ndidziwa bwanji poti kumeneko sindiyang'anako?"

"Tadzukani, ndikuonetseni."

Asisi anakhala okha, chibwano pachitsulo, amalume n'kuima kukompyuta manja kumbuyo. Panabwera nkhope ya bambo wina wa magalasi.

"Awa ndi apulofesa athuwo, anadzipereka okha kujambulidwa. Onani, maso anga ali pa maso awo. Basi."

"Eya, kali pamaso," anatero amalume. "Kakukwera."

"Sikakukwera."

"Kadutsa nsidze. Kafika pakhutu lamanzere. Kaima."

Asisi anayang'anitsitsa.

"Tsitsi la mbali iyi ndi lalitali kuposa la mbali inayo," anatero chapansipansi. "Zaka zonsezi sindinaonepo."

Pakhomo panamveka kugogoda, obwereketsa makina aja. Amalume anatola chipewa chawo n'kuwasisita asisi paphewa.

"Mawa ukamawafotokozera kuti zakanika, uziwayang'ana m'maso. Nzosavuta."