Buku la Agogo Lichoka Mawa

— Halo? Achimwene?

— Ee, chemwali. Waswera bwanji?

— Ndaswera, kaya inu? Alamu ndi ana?

— Onse ali bwino. Ine ndili kuchipatala kuno, ndadzaona amayi.

— Adya?

— Pang'ono. Angoyang'ana kudenga, milomo ikugwedera ngati pali choti anene. Ukumveka patalitu, uli kuti?

— Kuntchito, kuchipinda chapansi kosungira mabuku akale. Netiweki kuno ndi ya pawindo basi, ndachita kukwera pampando.

— Iwe ndi mabuku ako afumbiwo! Tanena msanga, anesi atithamangitsa pompano.

— Achimwene, buku la agogo aamuna lija ndalipeza.

— Litinso?

— Lija ankalemba ali womasulira wa atsamunda. Amayi sankanama ayi. Liwu lililonse limene agogo analimasulira m'bukumu linachoka pakamwa pa anthu. Mawu zikwi zitatu angokhala duu muno.

— Aaa! Ndiye tangowerenga, abwerere.

— Ndayesa. Pandekha sizitheka. Koma dzulo ndinawerengera liwu limodzi gogo wina wosesa pano. Analira, n'kulitchula, ndipo papepala linafufutika ndikuona. Limafuna khutu limene linalimvapo kale.

— Ubwere nalo Loweruka, amayi...

— Loweruka liti? Mawa m'mawa alikhomera m'bokosi, likupita kunja. Atsamunda aja akuti ndi chuma chawo.

— Iwe, bwana wako akaona masamba oyera, ntchito yatha!

— Ithe. Chitseko ndakiya kale. Ikani foni pakhutu pa amayi.

— Koma ukudziwa chimene ukuchita?

— Achimwene, amayi akhala akufunafuna mawu amenewa chiyambire ali kamtsikana. Asapite nayo njala imeneyi. Ikani!

— Chabwino, chabwino... ndaika.

— Amayi, ndi ine. Tamverani ili. Agogo analemba kuti ndi mmene mayi ankaitanira mwana wake wamkazi akamusowa...

— Chemwali! Alitchula! Adzuka, akhala tsonga! Agogo a pabedi lapafupi nawonso akulibwereza!

— Kuno lafufutika. M'wodimo achikulire alimo angati?

— Khumi ndi... dikira. Akumenya chitseko choncho kumeneko ndani?

— Alonda. Asiyeni amenye, m'chachitsulo.

— Chemwali, ndikuopatu ine.

— Inenso. Ikani pa sipika, muimirire pakati pa wodi, mukweze dzanja m'mwamba. Ndikuyamba tsamba loyamba.