Ufa Woyera Umene Tinkazirira Nyumba

Aleluya, abale ndi alongo! Ambuye alemekezeke. Mundikhululukire, ndiyankhula nditakhala pansi, ndipo ndikaima pakati musati ndamaliza, ndi mpweya umandithawa. Ndine Nangozo wa kumtunda kwa Matandani. Achikulire mukundidziwa, ndine uja ndinkakwera chitunda dengu la mbatatesi lili pamutu, pakamwa osatseka. Lero ndi uyu mukumuonayu. Koma sindinabwere kudzadzilira ayi. Ndabwera chifukwa cha mwana wanga Esinati, uyo wakhala kukwayayo.

Esinati ali wakhanda, eni ake anagwetsa nyumba ina yakale ya pa esiteti kufupi ndi kwathu. Denga lake linali la malata aja otuwa, okhuthala, osachita dzimbiri. Abambo anatola athunthu kukafolera makhitchini, ife amayi tinatola zidutswa. Mnzanga, malemu a Nankhoma, ndi amene anatulukira nzeru. Ukasinja chidutswa chija mumtondo n'kusefa, pamatuluka ufa woyera. Ukausakaniza ndi dothi lozirira, khoma limayera ngati la kuboma, ming'alu osaoneka.

Abale, tinasinja! Khirisimasi ikamayandikira, tinasinja. Fumbi lili koboo, nsidze zili mbuu, ife tikusekana. Katswiri ndinali ine, ndipo matama ndinali nawo. Odutsa ankaima n'kufunsa, "Kodi nyumba iyi ndi ya aphunzitsi?" Ine mapewa m'mwamba. Nthawi yonseyo Esinati ndinali nditamubereka. Ndikusinja, ali kumbuyo. Ndikusefa, ali kumbuyo. Atayamba kukwawa ankatapa ufawo n'kudzipaka kumaso, ife n'kumamuombera m'manja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zidutswa zinatha, zaka zinapita, tinaiwala. Kenako a Nankhoma anayamba kuonda ndi kubanika mpaka anatisiya. Mudzi wonse unati awalodza.

Kwa ine chinabwera mwakachetechete. Chakudza sichiimba ng'oma, abale. Poyamba linali befu pachitunda, ndinati ndi ukalamba. Kenako kubaya m'nthiti mbali ya kumanja, ndinati ndi khasu. Kenako chifuwa chouma chosatha, thukuta pogona, chitenje kuyamba kundizungulira kawiri. Kuchipatala anayeza makhololo, chifuwa chachikulu sanachipeze. Atandijambula anati m'chifuwa mwadzaza madzi. Anawapopa, ndinapuma bwino, ndinabwera muno n'kuvina. Ena munandiona! Mwezi usanathe madzi aja anabwerera.

Ananditumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Pa Zalewa ndinalephera kuyenda kuchoka pa minibasi ina kupita pa inzake, Esinati anachita kundibereka. Kumeneko anadula kanyama m'kati mwa chifuwa kukayeza. Tsiku la zotsatira adokotala anandifunsa, "Mayi, munagwirapo ntchito yomanga kapena ya kumigodi?"

Ndinati, "Ine khasu basi."

"Nanga malata a asibesitosi, otuwa aja, munakhalapo nawo pafupi?"

Ndinaseka, abale. Ndinawafotokozera za mtondo ndi sefa monyadira. Adokotala anangoika cholembera pansi. Anati fumbi lija lili ndi timinga tosaoneka ndi maso. Tikalowa timakanirira pakhungu lokuta mapapo, timagona zaka makumi awiri, atatu, ngakhale anayi, kenako timadzutsa khansa. Anati yanga yafika poti sangaichotse.

Za ine sindinafunse kanthu. Ndinati, "Nanga mwana amene anali kumbuyo kwanga?"

Anati, "Ambiri amene anapuma fumbilo sadwala, koma ena amadwala. Palibe angakuuzeni lero."

Abale ndi alongo, mawu amenewo anandithyola kuposa khansa. Ndinasiya kupemphera. Inde, ine wa chigwirizano cha amayi, ndinasiya! Ndinali nditauza Mulungu kuti tengani ine, mwanayu musiyeni, koma kumwamba kunali zii. Matenda anapitirira. Pamene anandibaya popopa madzi panamera chotupa. Kugona, mbali imodzi yokha. Chakudya kumaima pakhosi. Koma mantha anga onse anali pa Esinati. Akamatunga madzi ndinkamvetsera kapumidwe kake. Akatsamwa ndi malovu, mtima wanga phaa! Ndinamuletsa kusesa, ndinamuletsa kuimba kwaya kuti asatope mapapo. Munthu wamkulu wa ana awiri ndinamusandutsa dzira.

M'mawa wina Esinati akundisambitsa, ndinayika khutu pamsana pake mobera. Anaika chikho pansi n'kunena, "Amayi, mwandiika m'manda ndikadali moyo. Inu munandibereka kuti ndisalire, simunadziwe. Ngati chikubwera, chindipeze ndikuimba. Koma musandisiye muli okwiya ndi Mulungu, chimenecho ndiye sindingachipirire."

Ndinalira, abale, kulira kwa munthu wopanda mpweya. Pomwepo pamwala wakubafa ndinayambanso kupemphera. Sindinapemphe kuchira. Ndinati, "Ambuye, mwanayu ine ndalephera kumulondera, mulondereni Inu." Chifuwa sichinapepuke, koma mtima unapepuka. Aleluya!

Musayembekezere kuti ndinene kuti ndachira. Sindinachire. Chotupa chikukula, ndipo mwezi uno mpweya ndi wochepa kuyerekeza ndi mwezi watha. Achipatala amandipatsa mankhwala oletsa ululu, ndimatha kugona, ndimasekako ndi adzukulu pakhonde. Khoma lija sitinalipale, tinalinyowetsa n'kulimata ndi simenti. Inunso amene muli ndi malata amenewa pakhitchini kapena pakhola, musawaswe, musawacheke, fumbi lake musalisese louma. Kafunseni a zaumoyo. Ndipo amayi amene tinkasinjira limodzi, ndikukuonani, befu likayamba musati ndi ukalamba.

Ndikuthokoza Mulungu pondibwezera pemphero nthawi isanathe. Ndikuthokoza amayi anzanga amene mumabwera ndi nkhuni ndi madzi. Ndikuthokoza abusa pondipatsa mpata uno.

Chotsala ndi chimodzi. Sabata yathayi Esinati wayamba kutsokomola. Iye akuti ndi chimfine cha nyengo yozizira, ndipo mwina ndi chimfinedi. Lachiwiri akupita kukajambulitsa. Ine zanga ndamaliza ndi Mulungu wanga, sindikuopa. Choncho pemphero limene munandikonzera ine lero, ndapota nanu, mupatseni mwana wanga.

Ameni.