Phewa Lobwereka

— Halo? Yesenia?

— Halo. Ndani kodi? Nambala iyi mwini wake ndinamuiwala.

— Usatero. Ndine Gerson wako. Waswera bwanji?

— Ndaswera. Kaya inu, bambo osowa?

— Ndaswera bwino. Amayi ali bwanji?

— Ali bwino, ali kumsika kugulitsa matamale awo, timikate ta chimanga tija. Kwanu?

— Onse ali bwino, akukupatsa moni. Nanga madala?

— Chimodzimodzi. Lero ndi tsiku lachitatu osadya. Ndawaphikira phala, angonyowetsa milomo.

— Adokotala akuti chiyani?

— Zomwe ukuzidziwa, mtima watopa. Koma ababa sakuopa imfa, Gerson. Akuopa Lachisanu Loyera.

— Akudandaulabe za kunyamula?

— Zaka makumi atatu ndi ziwiri akhala akuika phewa pa chithatha chonyamulira chifanizo cha Yesu m'misewu, osaphonyapo. Chaka chino sangafike ngakhale pakhomo. Akuti akafa asananyamule, akafika kwa Mulungu chimanjamanja.

— Yese, komatu...

— Usayambe ulaliki wa kumpingo kwanu. Ndikudziwa, chikhulupiriro chokha, ntchito sizipulumutsa. Wandiuza kambirimbiri. Ndiuze kaye kumene wakhala ukupita.

— Ine?

— Ayi, mphaka wa aneba. Loweruka sunabwere. Lamulungu sunaimbe gitala kutchalitchi kwanu, msuweni wanga Dilia wandiuza. Dzulo anakuonanso kuseri kwa parishi yathu ukunong'onezana ndi mkazi.

— Mkaziyo ndi nkhalamba, Yese. Amasoka mikanjo.

— Mikanjo yanji?

— Halo? Netiweki ikuvuta...

— Netiweki ilibe mlandu. Ndikumva ngakhale mabelu, ndipo mabelu amenewo ndi athu. Uli kuti?

— Ndili pamzere.

— Mzere wanji?

— Wa onyamula. Andiyeza kale phewa, ndikudikira khadi londipatsa malo.

— Iwe?

— Ine. Ndapempha gulu la madala ako, lija limadutsa pakona ya nyumba yanu. Ukangowakhazika pawindo adzandiona.

— Ndiye mayi wosoka uja...

— Akundisokera mkanjo wachibakuwa. Ndimafuna udzangoona tsikulo, koma ndalephera kusunga.

— Gerson, gulu limenelo ndi la anthu atali. Iwe ababa amakuposa ndi zala zitatu.

— Ziwiri.

— Zitatu. Wadutsa bwanji pa ndodo yoyezera?

— Ndaika makatoni m'nsapato.

— Mayi wanga ine. Wanamiza ndodo ya kutchalitchi?

— Usaseke, anthu akundiyang'ana.

— Ukudziwa kuti makatoniwo akaphwafuka phewa lako silidzakhudza mtengo? Anzako adzakhala akubuula, iwe ukungoyenda pansi pake ngati munthu wousa mvula.

— Ndidzaika a bokosi la firiji.

— Chitsiru changa. Nanga abusa ako akudziwa? Mzinda wonse wa Antigua udzakuona.

— Ndinawauza. Anati ndiike gitala pansi mpaka nditalapa.

— Gitala? Paja unayamba kuiimba uli mwana.

— Idzandidikira.

— Ndiye wasintha? Wayamba kukhulupirira kuti phewa limapulumutsa?

— Ayi. Kwa ine uja ndi mtengo wosema, wosema bwino, basi. Koma tamva. Zaka ziwiri ndakhala ndikuwaponyera madala mavesi, iwo n'kumangokweza wailesi. Sabata yatha ndinawaona akuyang'ana manja awo, ndinachita manyazi. Munthu wamantha samva mavesi. Ndipo chikhulupiriro changachi chakhala chikuthera pakamwa. Sichinawanyamulirepo ngakhale mpando.

— Dikira. Ababa akundiitana.

— Adzuka?

— Sanagone. Chitseko chinali chotsegula, amva zonse. Akuti ndikufunse.

— Funsa.

— Akuti ukanyamula m'malo mwawo, kodi Mulungu adzalandira ngati anyamula ndi iwo?

— Yese...

— Ndikunong'ona, tamvera. Ingonena kuti inde. Chonde. Ndi mawu amodzi, agone ndi mtendere.

— Sindingawanamize.

— Ndodo waipusitsa.

— Ndodo siikufa. Akadzaona makatoni akuphwafuka adzayambanso kuopa, ine ndili pamsewu, iwe uli wekha nawo.

— Ndiye ndiwauze chiyani?

— Auze kuti ayi. Phewa langa silingawagulire malo, ngakhale ine silindigulira. Uwakumbutse wachifwamba uja anapachikidwa pambali pa Yesu. Sananyamule kanthu, manja onse awiri anali okhomedwa. Anangopempha kuti akumbukiridwe, ndipo analowa tsiku lomwelo.

— Nanga akafunsa kuti ukunyamuliranji?

— Chifukwa ndimawakonda. Ndiponso chifukwa sindikufuna kuti malo awo adutse pakhomo panu ali ndi mlendo.

— Khala pafoni.

— Fulumira, mayunitsi atsala pang'ono. Halo? Yese? Ulipo?

— Ndilipo.

— Akwiya?

— Sindikudziwa. Atseka maso, misozi ikutsikira m'makutu. Dikira, akulankhula. Akuti nkhani imeneyo ansembe amaiwerenga chaka chilichonse, koma iwo amakhala ali kalikiliki ndi lamba wa mkanjo. Sanaganizepo za manjawo.

— Ndiye?

— Akuti ubwere madzulo ano udzainenenso, pang'onopang'ono, wailesi adzazimitsa okha.

— Ndibwera. Ndingolandira khadi.

— Akutinso ubwere ndi nsapatozo, akuphunzitse kayendedwe. Poyamba amaponya mwendo wamanzere. Akuti sakufuna mkamwini wowachititsa manyazi pakhomo pawo.

— Ati chiyani?

— Mwendo wamanzere.

— Ayi, mawu enawo. Ati mkamwini? Atchula okha, kapena wawonjezera ndiwe?

— Usachedwe, Gerson. Ukafika udzawafunse we...

— Halo? Yese? Halo?