Adalaivala amene anakana kukataya mabuku

Achimwene anga amene tikuwaperekeza lerowa anabadwa pa 14 Meyi 1952, achiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine ndikuyankhulane ndine mzime.

Sukulu anayamba mu 1960, koma bambo athu atamwalira anailekeza asanamalize pulayimale kuti ang'onoang'onofe tiphunzire. Mu 1974 analembedwa ntchito yoyendetsa lole pakampani ina yosindikiza mabuku, ndipo mu 1977 anamanga banja ndi alamu athu akhala apawa.

Mu 1983 anatumidwa kukataya kudzala mabuku otsala ndi magazini a ndakatulo ndi nkhani zifupizifupi amene sanagulidwe. Lole inadzaza bwinobwino. Atafika pageti potuluka pakampanipo anazimitsa injini, nabwerera kuofesi. "Bwana, makiyi anu awa," anatero. "Mupeze wina akataye, ine manja anga akana." Anaimitsidwa ntchito mwezi wathunthu, alamu ali oyembekezera. Abale anawachonderera kuti akapepese, iwo osasuntha. Pamapeto pake abwana aja anawaitana n'kuwauza kuti zotsalazo azitenga, bola zisakaoneke zikugulitsidwa pamsika. Sizinaonekeko ngakhale tsiku limodzi.

Kuyambira pamenepo nyumba inachepa. Makatoni anali pansi pa bedi, pamwamba pa kabati, mpaka kuseri kwa chitseko cha kubafa. Alamu ankaseka kuti sanauzidwe zoti akulowa pamitala ndi mapepala. Loweruka likafika, achimwene ankamangirira katoni panjinga, ulendo wa kumawodi a odwala nthawi yaitali, kundende, kwa ometa tsitsi ndi kudepoti ya mabasi. Lamulo lawo linali limodzi: ukamaliza usabweze, upatse wina. Eni akenso ankawerenga, pang'onopang'ono, chala chili pamzere, ndipo ndakatulo ikapanda kuwagwira mtima ankanena poyera kuti wolembayo anali ndi changu.

Anapuma ntchito mu 2009, koma njinga sinapume. Anthu anayamba kubweretsa okha mabuku omwe ankangodya fumbi m'nyumba zawo. Mu 2016 anapezeka ndi matenda a shuga, maso anayamba kuchita chidima, komabe ankakhala pakhonde n'kumafunsa aliyense wodutsa zomwe amakonda kuwerenga. Anagonekedwa m'chipatala mwezi wathawu, ndipo anatisiya pa 3 Ogasiti 2024.

Malemu asiya mkazi, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi zinayi, ndi ife abale awo atatu.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, anzawo a kuntchito, komanso anansi amene mwatigwira dzanja masiku onsewa. Tikuthokozanso inu amene sitikukudziwani nkhope, monga bambo aja atipeza m'mawa n'kutiuza kuti anaphunzira kuwerenga ali kundende. Mwatidziwitsa kukula kwa munthu amene tinkadya naye mbale imodzi.

Pageti taikapo makatoni otsiriza. Potuluka aliyense atengepo buku, musachite manyazi. Limodzi lokha ndi limene lasungidwa. Ndi limene alamu ankawawerengera pambali pa bedi kuchipatala, ndipo linatsala mitu iwiri. Alamu akuti alimaliza okha, kenako nalonso lipita.

Achimwene, mwagwira ntchito. Mzimu wanu uuse mumtendere.